Miyala Isanu ya Kalongonda

Anthu akamakamba za njala ya 2002 amayambira pa maliro. Ine ndikayamba kukamba ndimangopezeka ndikuseka, ndiye anthu amandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Si kuti sindinaope ayi. Ine mantha ndinabadwa nawo, ndipo chaka chimenecho ndinali kamtsikana ndithu, mwana mmodzi, maso osaphethira. Koma chaka chomwecho ndi chimene ndinavina kuposa zaka zonse za moyo wanga, m'mimba muli pululu.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa bwino, fungo la dothi lija mpaka kukhosi. Nthawi imeneyo n'kuti ndikukhala kwawo kwa amuna anga a Yohane, kufupi ndi Mauwa. Kwathu ndi kumishoni, kumene bambo anga ankachapa nsalu za m'chipatala, ndipo tinalibe munda woti mkamwini n'kulima, ndiye ananditenga ine. Pakhomopo panali ife ndi mwana wathu Tamanda wa zaka zinayi, ndi alamu anga a Esnati, mlongo wawo wa a Yohane, mayi wa ana atatu amene amuna awo anapita ku Joni n'kuiwala njira. A Esnati mawu awo ndi belu la patchalitchi. Akamanong'ona amamva ndi a kutsidya kwa mtsinje.

Tsiku lobzala anandipeza kumunda.

"Alamu, tatambasulani chitenje."

Anandikhuthulira mbewu zikuluzikulu, zamawangamawanga, zoposa nyemba wamba.

"Ndi chani chimenechi?"

"Kalongonda. Muziponya m'mbali mwa mizere, ayanga yekha m'mapesi."

Ndinachita kudumpha ngati andiikira njoka. Kwathu kumishoni kalongonda tinkangomumva mbiri, kuti ndi chakudya cha Alomwe, ndipo ukapanda kumuphika bwino banja lonse limazungulira mutu, kusanza, ena kupenga, ena osadzukanso.

"Zopha anthu zija, alamu?"

"Zimapha aulesi," anatero a Esnati. "Amene amaona kuchedwa kuphika. Inu a kumishoni mumangodziwa buledi. Bzalani, mudzandithokoza."

Ndinabzala chifukwa cha ulemu basi. Ndinakamuponya kutali, kumapeto kwa munda pafupi ndi chulu, n'kusamba m'manja kawiri ndisanamugwire Tamanda.

Januwale

Nkhokwe inali itatha Khirisimasi isanafike, chifukwa chaka chapitacho mvula inachuluka, chimanga n'kungoima m'madzi chili chikasu. Kumsika mtengo wa chimanga unali wina m'mawa, wina madzulo. Ndalama imene kale unkabwerera nayo ndowa ili pamutu, tsopano unkabwera ndi kophika kamodzi, komanga pansonga ya chitenje. Mbuzi yathu ya bere inapita pamtengo wa nkhuku. Anthu anayamba kugulitsa mbale, mawailesi, ena mpaka zitseko.

Mphekesera ndiye tinkakhuta nazo. Ati chimanga chikubwera pa sitima. Ati chafika kale ku Limbe, angosowa malole. Ati ogulitsa madeya akusakaniza ndi utuchi wa matabwa. Yomalizayi ndinaikhulupirira ndi mtima wonse, moti madeya alionse ndinkawanunkhiza, kuwapeta, kuwanunkhizanso, mpaka a Esnati kundikalipira kuti ndiwamaliza ndi mphuno.

Pakati pa mwezi a Yohane anamanga khasu ndi bulangete.

"Make Tamanda, tikangokhala pano tifa tikuyang'anana. Ndikalimire anthu ku Mozambiki, kumene anachokera agogo athu. Ati kumeneko akulipira makaka."

Makaka, chinangwa chouma chija, chimene kale tinkachinyoza kuti n'chakuda.

"Mubwera liti?"

"Thumba likadzaza."

Tamanda anawaperekeza mpaka pamango, akuyenda ngati iwo, kamtengo paphewa, phazi limodzi akukoka monga amayendera bambo ake. Mwana ameneyu anali wotero. Ankatsanzira aliyense: nkhuku, wogulitsa usipa wa panjinga, ngakhale mmene ndimaitanira ine ndikachita mantha. A Yohane anaseka mpaka kukhota panjira.

Febuluwale

Mwezi uwu sindiufuna, ndiudutsa mothamanga. Tinadya nkhwani opanda mchere, chisoso, maungu anthete asanakule n'komwe, phala la madeya lamadzimadzi loti ukaweramira umadziona nkhope. Kumalo kogulitsira chimanga tinkaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa n'kupendeka, kenako n'kumva kuti chatha. Anthu ena anayamba kukumba zitsa za nthochi. Belu la patchalitchi likalira pakati pa sabata tinkangofunsana kuti, "Ndi kwa ndani?"

Koma ine chimene chinandiopsa kwambiri si belu ayi. Ndi Tamanda. Tsiku lina ndinazindikira kuti pakhomo pali zii. Mwana uja ali khuma, watsamira khoma, chidole chake cha chitsononkho chili pansi, nkhuku ikuchijompha iye osaiingitsa. Ndinayesa kumugirigisha. Anangondiyang'ana. Ndinayesa kulira ngati mbuzi. Anatembenukira kukhoma.

M'mawa mwake ndinamubereka mpaka kusikelo ku Mauwa. Anamupachika pasikelo paja, iye ali lende ngati thumba, osagwedezeka. Amayi azaumoyo anamutsina pamwamba pa phazi, kuyang'ana tsitsi, kuyang'ana m'maso.

"Sanatupe. Koma mayi, muzimuyang'ana. Mwana njala ikamulowa, choyamba kufa ndi masewera. Tsiku limene adzayambenso kusewera, mudzadziwe kuti wabwerera."

Anandipatsa ufa wa phala wokwana masiku ochepa. Mawu ajawo ndiwo ndinanyamula olemera. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali imodzi, kumuyang'ana Tamanda. Ndikulima, diso kwa iye. Ndikupemphera, diso limodzi lotsegula.

Epulo

Chimanga chinacha, anthu n'kupuma pang'ono. Koma chambiri tinali titadya chachiwisi m'mwezi wa Marichi, china akuba anathyola, china tinakolola chisanaume poopa akubawo. Munda wonse ine ndi a Esnati tinaumaliza m'mawa umodzi, ndipo nkhokwe sinafike ngakhale m'chiuno. A Yohane anabwera ndi thumba la makaka, atawonda mpaka lamba kuboola bowo lina, anagona masiku atatu, n'kuyang'ana m'nkhokwe, n'kubwereranso.

Tamanda anayamba kudya, thupi linabwerako pang'ono. Koma kuseka ayi. Kusewera ayi. Bambo ake anamunyamula m'mwamba, iye n'kungotsamira paphewa pawo ngati wagona.

"Thupi labwera, mwini wake sanabwere," ndinawauza a Esnati.

"Abwera. Ali m'njira. Inu mumafuna chilichonse chichitike lero."

Tikukolola ndinaona kuchulu kuja kwachita mdima. Kalongonda anali atayanga mapesi onse, kukwera mtengo, kutsikanso, zikhokho zake zili lendelende. Chinthu chimene ndinachitaya ngati chinyalala ndi chokhacho chimene akuba sanachikhudze.

Juni

Ndiye kunabwera chiperoni. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse. Phiri la Chiradzulu limangosowa, ngati munthu walinyamula usiku. Nkhungu imalowa mpaka m'khonde, kamvula kamawawa kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa, mphepo yoluma makutu. Masiku anayi, asanu, osaona dzuwa. Zovala zosauma. Ana milomo yosweka, miyendo ili mbuu, mamina osatha. Chaka cha chakudya chiperoni umachipirira ndi mbatata yootcha. Chaka chimenecho aliyense ankangodzitsekera m'nyumba, kufunda chiguduli, kusunga kachimanga kaja kuti kafike patali. Mudzi wonse ngati pali maliro osatha.

A Esnati anati nthawi ya kalongonda yakwana.

Kaphikidwe kake ndi aka. Umamuwiritsa, madzi n'kuda bii ngati oyilo wa kuchigayo. Ukhuthulire nyembazo m'dengu, madzi akudawo ukataye m'dzenje kuti nkhuku zisamwe. Usende khungu. Uthire madzi ena, awire, utayenso. A Esnati lamulo lawo linali madzi asanu, osachotsera. Ukayamba m'mawa kuli mbuu, kudya ndi dzuwa litapendeka.

Tsiku loyamba linali loipa zedi. Nkhuni kuno n'zosowa, timasonkhezera mapesi ndi zitsononkho, ndipo zathu zinatsala pang'ono kutha tsiku limodzi. Ana anayi anazungulira moto, maso pa mphika, fungo likuwakoka, ndipo fungo lake ndi labwino abale, ngati nyemba zenizeni. Pa madzi achiwiri mwana wamng'ono wa a Esnati anatambasula dzanja kudengu. Mbama inalira.

"Dzanja kumbuyo! Ukufuna kufa?"

Analira mwanayo, analira anzake, a Esnati nawo anatembenuka kupukuta maso ati ndi utsi. Tamanda yekha sanalire. Ankangoyang'ana dengu lija osaphethira. Mwana wanjala ungamuuze bwanji kuti chakudya chili apo, chikununkhira, koma chikupha? Ndingamulondere tsiku limodzi. Nanga mawa? Nanga mkuja?

Madzulo ake kunabwera a Namakhwa, amalume awo a a Esnati, mkulu wa mpingo, bambo wamasiye wokhala nyumba yoyandikana nafe. Anamva kulira kuja. Anati ali ndi theka la diramu ndi mulu wa mapesi, bwanji tiziphika pamodzi moto umodzi. Za nkhuni zinatha choncho. Za ana zinatsala.

M'mawa mwake ndikutunga madzi ndinaponda timiyala kumtsinje, ndiye ndinakumbukira kusukulu, sitandade wani, tikuwerengera masamu ndi miyala. Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma pamenepo mutu unagwira. Ndinatola miyala isanu yosalala, kuthamanga nayo, madzi akutayikira kumsana.

"Alamu! Alamu, tamverani! Ana sadziwa kuti madzulo ndi liti. Tiwaonetse!"

Ndinandandalika miyala ija pakhonde. Ndinaitana ana onse.

"Mwaiona iyi? Madzi akatayidwa, mwala umodzi uchoka. Miyala ikatha, tidya. Mwala ukadalipo, kalongonda ndi njoka. Ndiponso mwala uliwonse uli ndi masewera ake."

"Masewera ndi njala?" anatero a Esnati. "Alamu, chiperoni chakulowani m'mutu."

"Nanga mbama ndi njala?"

A Esnati anamanga chitenje m'chiuno molimba.

"Chabwino a hedi. Tiyambe ndi chiyani?"

Tinayamba ndi jingo, chingwe chopota ndi makoko ouma a nthochi, kuti thupi lifunde kukadali m'mawa mphamvu zilipo. Mwala wachiwiri unali wa phada, tikujambula pabwalo ponyowa ndi kamtengo. Wachitatu, njala ikayamba kuluma, tinkakhala pansi pafupi ndi moto kuumba ng'ombe zadothi, ana akukangana kuti yanga ndi ya ku famu ya Mikolongwe, yakoyo ndi galu. Wachinayi unali wa ndagi. Wachisanu, wovutitsitsa uja, mimba zikulira, unali wotsanzira anthu, chifukwa munthu ukamaseka suyang'ana mphika. Chibisaliro chokha ndinachikana. Nkhungu imeneyo mwana abisale? Ayi ndithu.

Koma chimene chinatenga malo ndi kutaya madzi. Poyamba tinkangonyamula ndowa kupita kudzenje. Tsiku lachitatu ana anatitsatira akuimba zitini, a Esnati n'kuyambitsa nyimbo pompo:

"Madzi akuda, pita, pita,
usacheuke, kuno si kwanu!"

Tikafika kudzenje, khuthu! Ana onse kukuwa ngati athamangitsa fisi. Pobwerera a Esnati ankafuula, "Yatsala ingati?" Ana, "Inayi!" Ndipo tsiku lonse, wina akangosendera kudiramu, anzake omwe ankamukuwira mawu a a Esnati aja: "Dzanja kumbuyo! Miyala yatha?"

Mbama sinalirenso.

Julayi

Pofika Julayi nkhani inali itamveka. Ana a nyumba zina anayamba kubwera, amayi awo akutsatira pambuyo ndi kambale ka kalongonda wawo ndi mtolo wa mapesi, ati tingothira nawo m'diramu. Pabwalo pathu pankadzaza. Azimayi akuluakulu kulumpha jingo, zitenje m'mwamba, kugwa m'matope, kuseka mpaka kugwira nthiti. Ine amene ndinkaopa ngakhale kukweza mawu pakhomo pa eni, ndinapezeka ndikutsanzira mmene a Esnati amakalipirira nkhuku, anthu n'kugubuduka. Kunja kuli mbuu, kukuzizira koopsa, koma ife thukuta.

A Namakhwa ntchito yawo inali yosonkhezera moto. Paunyamata wawo ati anali katswiri wa tchopa, gule wa Alomwe uja amavina atabereka katundu kumsana. Ana akayamba zitini, iwo nkhope ili gwa, ngati ali kutsogolo kwa mpingo.

"Amalume, tadzukani mutionetse."

"Ine zimenezo ndinasiya nditabatizidwa."

"Nanga phewa lanulo likugwedezeka bwanji? Kapena ilo silinabatizidwe?"

"Ndi kuzizira, iwe Esnati. Ulibe ulemu."

Zonsezi zikuchitika, Tamanda anali pamalo pake, kukhoma, atafunda chitenje changa. Sankalumpha, sankaimba. Koma ine woyang'ana ndinaona kuti maso ake ayamba kuyenda. Chingwe chikazungulira, maso akuzungulira. Mwala ukachoka, milomo ikuwerenga yotsala. Tsiku lina anatola chidole chake cha chitsononkho n'kuchifunditsa nsonga ya chitenje. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukavina ndekha kuti ndisamudzidzimutse.

Ndiye ndinalakwitsa. Poona chidole chija ndinati, eya, mwana uyu akufuna masanje. M'mawa wa Loweruka lina, nkhungu itatseka mpaka mtengo wa mango osaoneka, ndinauza ana kuti lero timange tinyumba ta mapesi, tisewere masanje. Ndinawagawira zitini, masamba a chisoso, dothi loti likhale ufa. Ndinaiwala chinthu chimodzi chimene mayi aliyense amachidziwa: kumasanje mwana amaphika chimene amayi ake akuphika.

Madzi oyamba anawira. Tinakhuthulira nyemba m'dengu. Kulondera dengu inali ntchito yanga tsiku lililonse, sindinkapatsa munthu wina. Gulu linanyamuka ndi ndowa, zitini zikulira, nyimbo ija yayamba. Kenako ndinamva nthungululu. Nditadzutsa mutu, abale inu! A Namakhwa! Abereka lichero kumsana ndi nsanza, adzipaka mwaye kumaso, akutsogolera ndowa, mapewa akunjenjemera, phazi likukumba pansi, mkulu wa mpingo wathunthu! Miyendo yanga inanyamuka yokha. Ndinalowa m'gulu, ndinavina, ndinakuwa, mpaka kudzenje, khuthu, mpaka kubwerera.

Nditafika padengu ndinaona kadzenje pamwamba pa nyemba. Kadzenje ka dzanja laling'ono, tizala tinayi tikuoneka bwinobwino. Ndinayang'ana kukhoma. Chitenje chili pansi. Tamanda palibe.

Nyemba za madzi oyamba. Zakupha zenizenizo.

"Tamanda! Tamandaa!"

Ndinagwetsa tinyumba ta mapesi tija timodzitimodzi. Mulibe. M'nyumba mulibe. Nkhungu yokhayokha, sukuona ngakhale pamene ukuponda. Ndiye ndinamva kafungo ka utsi kuseri kwa nkhokwe. Ndinamupeza atanjuta, kamoto ka zitsononkho kali patsogolo pake, kachitini kali pambali kopanda kanthu, milomo yake ili bii.

Sindinafunse. Ndinamulowetsa chala m'kamwa, iye kundiluma, ndinamuponya kumsana opanda n'chitenje chomwe, liwiro la mtondo wadooka kulowera kuchipatala ku Mauwa. Kumbuyo ndikumva a Esnati akuitana, ine osacheuka. Ndikuthamanga ndikupemphera, Mariya Mayi wanga, ndine ndavina, ndine ndasiya dengu, musalange mwana, langani ine. Ndinaterereka pamatope, kudzuka, kuthamanganso. Ndinafika pamsewu waukulu mpweya utatha.

Pamenepo ndi pamene ndinamva kuti kumsana kwanga munthu akundimenya ndi tizibakera.

"Amayi, nditsitseni! Nditsitseni!"

Miyezi isanu mwana ameneyu asanakuwepo.

"Mwamusiya yekha mwana wanga! Ali ndi kalongonda! Adya!"

Ndinaima. Ndinamutsitsa, kugwada m'matope, kumugwira mapewa.

"Iwe wadya zingati? Nena msanga, sindikumenya. Wadya zingati?"

Anandiyang'ana ngati ndine wopusa wa m'mudzi monse. Anaika manja m'chiuno, kutulutsa kamimba, kukweza chibwano, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu a a Esnati enieni, ndi kukhosi komwe:

"Dzanja kumbuyo! Miyala yatha?"

Kenako anapitiriza ndi mawu akeake:

"Yatsala inayi, amayi. Ine ndataya madzi amodzi okha."

"Nanga kukamwaku kwada bwanji?"

"Ndimauzira moto."

Anandionetsa manja. Mwaye wokhawokha.

Posakhalitsa a Esnati anatulukira m'nkhungu, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, dzanja lina chidole cha chitsononkho, dzanja lina tsamba la nthochi lopinda.

"Alamu, mumathamanga chonchi? Bwenzi tikukutumani ku Mozambiki inuyo! Taonani. Anakhuthulira patsamba, monga timachitira ndi dengu. Timiyala take wandandalika bwinobwino pansi pa nkhokwe. Inu maso onse aja simunaone?"

"Mwina wadyako imodzi, alamu. Tidziwa bwanji?"

A Esnati anatenga dzanja la Tamanda, kulitambasula, n'kukhuthuliramo nyemba zija. Zinadzaza kadzanjako ndendende, imodzi mpaka kugwa pansi. Malo a ina panalibe.

Ndisanapume, kunamveka phazi lina. A Namakhwa, ndi ukalamba wawo, anali atatitsatira, ana onse ali pambuyo pawo. Kuthamanga konse kuja anaiwala kuti lichero likadali kumsana, mwaye ukadali kumaso. Anaima pakati pa msewu akufunsa, "Mwana ali bwanji? Mwana ali bwanji?" Nthawi yomweyo azimayi atatu a mumpingo mwawo, akuchokera kuchigayo, anatulukira m'nkhungu, n'kuima, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwadzuka bwanji abambo a mpingo?" anatero mmodzi, akugwada mwaulemu wonse.

A Namakhwa anagwira lichero kumsana, kuyesa kulibisa ndi chigongono.

"Tadzuka. Ndi... ndi zoteteza mphepo izi."

Tamanda anaseka.

Anayamba ngati akutsokomola, kenako kunatuluka kuseka kwake kuja, kwa kale, kokoka mpweya ngati kamwana ka mbuzi. Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope, akuloza agogo ake. Ine ndinalira mokweza pamsewu pomwepo, a Esnati akuseka ndi kulira pamodzi, azimayi a kuchigayo osadziwa kuti atonthoze ndani.

Mantha anga sathera pamodzi. Tsiku lonselo ndinamutsatira Tamanda phazi ndi phazi, kuyang'ana ngati ayamba kusanza kapena kuzungulira mutu. Pa mwala wachitatu anadzuka, kubereka mbale kumsana, n'kuyamba kuzungulira bwalo akugwedeza mapewa.

"Alamu! Akuzungulira! Si kupenga kumeneku?"

"Kupenga kumeneko n'kwa amalume, si kwa kalongonda. Khalani pansi musende nyemba."

Mwala womaliza anachotsa ndi iyeyo. Anaunyamula ndi manja awiri, kuuika pambali, n'kutembenukira chidole chake.

"Tsopano idya."

Tinadya ndi kamchere, aliyense m'mbale yake, nkhungu ikutsika, ndipo sindinadyepo chinthu chokoma choncho.

Ogasiti

Mphepo inasintha, fumbi linayamba, phiri linabwerera pamalo pake. Nandolo anacha m'minda, wamuwisi tikumuphika ndi makoko omwe, ndipo ameneyu safuna miyala, kuwira kamodzi basi. Ana anadandaula ndithu. Ankabwerabe m'mawa ndi zitini kufunsa kuti lero titaya madzi nthawi yanji. A Yohane anabwera ndi matumba awiri a makaka panjinga yobwereka, n'kupeza mwana wawo ali pamango, kamtengo paphewa, akukoka phazi. Njala sinathe chaka chimenecho, inatiperekeza mpaka dzinja lina. Koma ine Novembala wotsatira ndinabzala kalongonda pakati penipeni pa munda, a Esnati akundiyang'ana osanena kanthu, chimene kwa iwo ndi chozizwitsa.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita naye Tamanda kusikelo. Amayi azaumoyo omwe aja anamupachika. Mwana uja anayamba kudzikankha ndi miyendo, uku ndi uku ngati ali pakatungwe, akuimba madzi akuda pita pita, muvi wa sikelo ukungovina osaima. Mzere wonse wa azimayi kuseka.

"Mayi, tamugwirani mwana wanuyu! Ndiwerenga bwanji chonchi? Mwana wosakhazikika ngati ameneyu sindinamuone."

"Pepani," ndinatero.

Koma manja anga ndinawasiya kumbuyo.